NTCHITO, NDALAMA NDI CHIMWEMWE M'MINDA YA TIYI

 

Mutu umene andipatsa lero uli ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi munthu angapeze bwanji ntchito yomukhutiritsa mtima? Lachiwiri: nanga ntchito yotereyi ikugwirizana bwanji ndi ndalama ndiponso chimwemwe? Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuseka chamumtima. Mukuti, "Aphunzitsi, zosankha ntchito ndi za ana a anthu olemera a mu Blantyre. Ife kuno ku Thyolo ntchito sitisankha. Kapitawo akakulemba dzina, umangothokoza." Mukunena zoona, ndipo sindikutsutsani. Koma tsono ngati ambiri a ife sitingasankhe ntchito, funso lathu lisinthe. Tifunse kuti: kodi ntchito imene tili nayo kale ikusowa chiyani kuti ikhale yoyenera munthu, ndipo ndani angaikonze?

Mfundo yanga ndi imodzi. Ntchito yokhutiritsa imaima pa miyendo iwiri: malipiro okwanira kusunga banja, ndi ulemu wa munthu amene akuigwira. Mwendo umodzi ukathyoka, ntchitoyo imatsimphina. Ndipo miyendo iwiriyi munthu saipeza payekha, koma pamodzi ndi anzake.

1. KUMENE TIDACHOKERA

Tiyambe ndi mbiri, chifukwa momwe timaonera ntchito lero ndi cholowa chochokera kwa makolo athu. Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, chaka chomwecho chimene dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi. Kuno ku Thyolo adafika cha m'ma 1908. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo aakuluakulu a kumapiri kuno ndi awo. Anthu amene ankakhala pa malowo, makamaka makolo athu Achilomwe amene ankabwera kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, adapezeka kuti ndi alendo pa nthaka ya mwini.

Apa ndi pamene padabadwira thangata. Kale mawu akuti kuthangata ankatanthauza kuthandizana. Munthu ankapita kukalima kwa mfumu kapena kwa mnzake mwa kufuna kwake, pambuyo pake nkumwera limodzi thobwa. Koma pa esiteti mawu okomawa adasanduka goli. Munthu ankagwira mwezi umodzi kulipirira malo amene wamangapo nyumba, mwezi wina kulipirira msonkho wa boma. Kawirikawiri miyezi iwiriyo inkatalika, chifukwa tsiku losamaliza mgwazo silinkalembedwa pa tikiti. Ndipo ntchitoyi inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna kupalira. Wokana ankathamangitsidwa pamalopo.

Thangata ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidautsa John Chilembwe pa 23 January 1915 ku Chiradzulu. Mu August 1953 chipolowe chidabuka konkuno, pa esiteti ya Mangunda, pa nkhani imene idayamba ndi malalanje, koma muzu wake udali malo, thangata ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chipolowecho chidafalikira m'maboma ena a kummwera ndipo anthu 11 adaphedwa. Thangata adathetsedwa mwa lamulo m'chaka cha 1962.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa chiyani? Chifukwa thangata adatisiyira matenda m'maganizo. Adatiphunzitsa kuti ntchito ndi chilango, kuti ntchito ndi ya mzungu, kuti wanzeru ndi amene amazemba kapitawo akatembenuka. Adaphunzitsanso ena mwa oyang'anira kuti wantchito ndi manja chabe, alibe mutu ngakhale pakamwa. Lamulo lidatha mu 1962, koma maganizowa sadathe onse. Munthu amene amaona ntchito ngati chilango sangakondwe nayo, ngakhale mutamuwonjezera malipiro kawiri. Chimodzimodzi bwana amene amaona antchito ngati manja chabe sadzaona chifukwa chowawonjezera.

2. TISANAMIZANE PA NKHANI YA NDALAMA

Pali mawu amene timakonda kunena, akuti ndalama sizigula chimwemwe. Mawuwa ali ndi choonadi, koma taonani amene amawanena kwambiri: kawirikawiri ndi munthu wokhuta. Mayi amene mwana wake wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, bambo amene akuwerenga masiku kuti fotinaiti ifike pamene ufa watha Lachiwiri, musawauze kuti ndalama zilibe ntchito. Kumeneko ndi kuwanyoza.

Anthu ophunzira adafufuzapo za nkhaniyi. M'chaka cha 2010, Daniel Kahneman ndi Angus Deaton a ku America adasanthula mayankho oposa 450,000 a anthu a kwawoko. Adapeza kuti kusowa ndalama kumakulitsa ululu wa mavuto ena onse. Matenda, kutha kwa banja ndi kusungulumwa zimapweteka kwambiri wosauka kuposa wolemera. Kafukufuku wina wa mu 2023 adaonetsa kuti kwa anthu ambiri chimwemwe chimakwerabe ndalama zikamakwera, koma kwacha iliyonse yowonjezera imalemera kwambiri m'dzanja la wosauka kuposa la wolemera. Ife tikudziwa zimenezi popanda buku. K10,000 kwa manijala ndi mafuta a galimoto a ulendo waufupi. K10,000 yomweyo kwa wothyola tiyi ndi tulo tabwino. Kuno kwathu, ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, mabanja a atsikana ena a sukulu ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo ofufuza adapeza kuti nkhawa ndi kusweka mtima zidachepa pakati pa atsikanawo pa nthawi imene ankalandira. Ndipo pa mndandanda wa maiko umene umatuluka chaka ndi chaka, woonetsa momwe anthu akukhutirira ndi moyo wawo, dziko la Malawi lidali pakati pa maiko khumi akumapeto mu 2024 ndi mu 2025. Sikuti Amalawi sitidziwa kuseka ayi. Umphawi ndiwo ukutilemera.

Nanga malipiro okwanira ndi ati? Pali kusiyana pakati pa malipiro ochepetsetsa amene boma limalamula ndi malipiro okwanira kusunga banja. Oyambawo ndi malire amene wolemba ntchito saloledwa kutsika pansi pake. Achiwiriwo ndi ndalama zimene zingagule chakudya chopatsa thanzi, nyumba yosadontha, zovala, sukulu, mankhwala, ndi kutsalako pang'ono za tsiku la maliro kapena matenda. Mu January 2014 akatswiri awiri, Richard ndi Martha Anker, adawerengetsa kuti m'dera la tiyi lino malipiro okwanira adayenera kukhala K1,531 pa tsiku. Nthawi imeneyo malipiro oyambira a wothyola tiyi adali K560 pa tsiku, osawerengera nyumba, chakudya chamasana ndi chipatala.

Mpata umenewu udachititsa manyazi ngakhale ogula tiyi wathu kunja. Mu 2015 eni minda, ogula tiyi ndi mabungwe ena adayambitsa ndondomeko yotchedwa Malawi Tea 2020, kuti pofika 2020 wantchito azilandira malipiro okwanira. Mpata udachepa ndithu, koma cholinga sichidafikidwe. Kenaka kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Boma lidakweza malipiro ochepetsetsa kufika K90,000 pa mwezi mu 2024 ndi K126,000 mu 2025, koma mitengo ya chimanga, sopo ndi feteleza idathamanga osadikira munthu. Choncho pophunzira kuwerenga malipiro, musawerenge makwacha okha. Funsani kuti: fotinaiti yanga ikugula ndowa zingati za chimanga lero, poyerekeza ndi chaka chatha?

Mpingo sudakhale chete pa nkhaniyi. Chaka chomwe chija cha 1891, Papa Leo XIII adalemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, yophunzitsa kuti ngati wantchito wavomera malipiro ochepa chifukwa cha njala kapena mantha, kuvomera kwakeko sikusandutsa malipirowo kukhala achilungamo. Ndipo pa 8 March 1992, kalata ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, idadandaula poyera za kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka ndiponso za kuchepa kwa malipiro a antchito. Choncho kufunsa malipiro oyenera si dyera, si kusakhutira, ndipo si tchimo. Ndi chilungamo.

3. ZIMENE SIZILEMBEDWA PA TIKITI

Tsono tione mwendo wachiwiri. Ngati ndalama zikadakhala zonse, bwenzi munthu aliyense wa malipiro apamwamba ali wokondwa. Koma tonse tikudziwa anthu amene amalandira bwino, komabe m'mawa amadzuka ngati akupita ku maliro.

Ndikuuzeni za kafukufuku wina amene adachitika ku Bangladesh, mu msasa wa anthu othawa kwawo a mtundu wa Rohingya, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2022. Ofufuza adagawa anthu m'magulu. Gulu lina adalipatsa ntchito yolipidwa kwa masabata asanu ndi atatu. Gulu lina adalipatsa ndalama zofanana popanda kugwira ntchito. Pomaliza pake, amene adagwira ntchito ndi amene mitima yawo idapepuka kwambiri, kuposa amene adangolandira ndalama. Chodabwitsa china n'chakuti anthu awiri mwa atatu alionse a gulu la ntchito lija adali okonzeka kupitiriza kwa kanthawi ngakhale popanda malipiro. Anthu amenewa adali osauka zedi. Komabe adaona kuti mu ntchito muli kanthu kena: chifukwa chodzukira m'mawa, anzako okudikira, ndi kudziwa kuti ndiwe wofunika.

Ndikuona zinthu zinayi zimene zimapatsa ntchito kukoma.

Choyamba ndi luso. Anthu amati kuthyola tiyi si luso. Amene amanena zimenezi ayese tsiku limodzi. Kuthyola masamba awiri ndi kansonga, ndi manja onse awiri, osaphwanya tsamba, osasiya tebulo la tiyi lili lokwera ndi lotsika, dengu lili kumsana, mvula ya chiperoni ikuwaza, mpaka sikelo ionetse makilogalamu 44 amene kwa zaka zambiri adali mgwazo wa tsiku, limeneli ndi luso. Wodulira mitengo ya tiyi, wosamala nazale, woyang'anira moto wa ku fakitale, wolawa tiyi, onsewa ali ndi nzeru zimene wa digiri alibe. Munthu amene akudziwa kuti chimene akuchita amachichita bwino amayenda mosiyana ndi mnzake.

Chachiwiri ndi kuona chipatso cha ntchito yako. Ambiri a ife timasiyana ndi tsamba pa sikelo. Sitidziwa kuti likafika ku fakitale amalifotetsa, kulidula, kulisiya kuti lisinthe mtundu, kuliumitsa ndi kulisefa, kenaka lina limakagulitsidwa pa msika wa ku Limbe, nkupita ku Britain, ku South Africa ndi maiko ena. Tiyi wa kuno amakondedwa chifukwa cha kufiira kwake m'kapu. Dziko lino limapanga makilogalamu oposa 40 miliyoni pa chaka, ndipo tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala. Inu amene mumathyola, dziko likudya thukuta lanu. Dziwani zimenezi, ndipo ana anu azidziwe.

Chachitatu ndi ulemu. Kuitanidwa ndi dzina lako, osati ndi nambala kapena mluzu. Kuona sikelo ndi maso ako pamene akuyeza. Kupatsidwa zodzitetezera popopera mankhwala. Kwa amayi, kulembedwa ntchito popanda wina kufuna thupi lako. Nkhani imeneyi tisaibise. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain, mwini wa minda ina ya kuno ndi ku Mulanje, idagwirizana zolipira mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu wa amayi 36 amene adadandaula za nkhanza zotere, ngakhale kuti siidavomere kulakwa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu. Malipiro amene mayi walandira atachititsidwa manyazi ndi owawa ngati mankhwala a kwinini.

Chachinayi ndi nthawi yopuma. Ntchito imene imadya munthu yense, osamusiyira mpata wocheza ndi ana, wopemphera, wopita ku maliro a mnansi kapena wopalira kamunda kake, imeneyo yabwerera ku thangata ngakhale ili ndi dzina lina. Papa John Paul II, amene adatichezera mu May 1989, adaphunzitsa m'kalata yake ya 1981, Laborem Exercens, kuti mtengo wa ntchito iliyonse umachokera kwa munthu amene akuigwira, osati ku mtundu wa ntchitoyo. Tanthauzo lake ndi lakuti wothyola tiyi ndi manijala amasiyana udindo, koma sasiyana umunthu.

4. MALAMULO ALI KUMBALI YANU

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira nthawi imene kudandaula za malipiro kudali ngati kuukira boma. Mu May 1992 antchito a ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo sitalaka idafalikira mpaka m'minda ya tiyi. Anthu ambiri adataya miyoyo m'chipolowe cha masiku amenewo. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidatibweretsera malamulo atsopano. Ufulu umenewu udagulidwa ndi magazi. Ndi zomvetsa chisoni kuti ambiri sitiudziwa. Safunsa adadya phula. Tamverani mfundo izi:

(a) Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza.

(b) Gawo 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, wolandira malipiro oyenera, wolandira mofanana ndi mnzake pa ntchito yofanana, ndiponso wolowa bungwe la antchito.

(c) Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Maola owonjezera ali ndi malipiro ake apadera.

(d) Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata asanu ndi atatu, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

(e) Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito. Malo ake ndi ku sukulu.

(f) Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ngati mwachotsedwa mopanda chilungamo, pitani msanga ku ofesi ya za ntchito pa boma, miyezi itatu isanathe. Zikakanika kumeneko, kuli khoti la milandu ya pantchito.

Koma lamulo lolembedwa papepala silidziyendera lokha. Munthu mmodzi akadandaula, amangomuuza kuti pakhomo pali ena khumi akudikira malo ake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. N'chifukwa chake pali bungwe la antchito a m'minda la PAWU. M'chaka cha 2016, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya tiyi m'dziko muno, bungweli ndi bungwe la eni minda ya tiyi adasainirana pangano la malipiro atakambirana pa tebulo limodzi. Taganizani: kuchokera 1891 mpaka 2016 padapita zaka 125. Tsono bungwe ndi anthu ake. Ngati simupita ku misonkhano, ngati musankha mtsogoleri chifukwa wakugulirani kachasu, ngati simufunsa momwe ndalama zanu zamwezi zikuyendera, musadabwe bungwe likagona. Amayi, inunso imani pa maudindo. Ndinu ambiri m'mizere ya tiyi, musakhale ochepa pa tebulo lokambirana.

5. MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu achinyamata, ndikudziwa kuti ambiri simukufuna kusenza dengu limene mayi anu asenza zaka makumi awiri. Palibe cholakwa kufuna zabwino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino la Thyolo. Malo ndi ochepa, ndipo ntchito yambiri ya tiyi ndi ya nyengo: dzinja likatha, masamba akachepa, ambiri amauzidwa kuti akapume. Si nonse amene mudzalembedwe pa esiteti. Koma poganiza za kumene mungalowere, samalani zinthu zitatu.

Poyamba, musayese ntchito ndi zovala za amene akuigwira. Mnzanu akabwera kuchokera ku Joni ndi foni yaikulu, sakuuzani za chipinda chimene amagona anthu asanu ndi mmodzi, za kuthawa apolisi chifukwa chosowa mapepala, kapena za mabasi amene boma lidatumiza kukatenga anthu athu pa zipolowe za 2008 ndi 2015. Agogo anu adapitanso ku Wenela, ndipo ena adabwera ndi njinga ndi malata, ena ndi chifuwa, ena osabwerako. Sindikuti musapite. Ndikuti pitani ndi pasipoti, ndi luso m'manja, ndiponso ndi cholinga chimene mwauza banja lanu.

Kachiwiri, phunzirani luso limene anthu a kwanu akulifuna. Musayambe ndi funso lakuti, "Ndimakonda chiyani?" lokha. Onjezani awiri: "Ndingathe chiyani?" ndi "Anthu akusowa chiyani chimene angalipire?" Pamene mayankho atatuwa akumana, pamenepo pali ntchito yanu. Chikondi cha ntchito nthawi zambiri chimabwera pambuyo, luso likakhwima. Mmisiri wa matabwa sakonda ntchito yake tsiku loyamba pamene manja ali matuza. Amaikonda tsiku limene waona chitseko chake chili pa nyumba ya mnansi. Bungwe la TEVETA lilipo kuyambira 1999, sukulu zaluso za m'madera zilipo, ndipo sukulu ya ukachenjede ya MUST idatsegulidwa pa Ndata konkuno mu 2014. Mwana wa m'komboni asaione ngati ya alendo.

Kachitatu, musanyoze nthaka. Alimi a ndiwo zamasamba ndi a ng'ombe zamkaka a ku Bvumbwe akudyetsa mzinda wa Blantyre. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, amene boma lidayamba kuwalimbikitsa mu 1967, lero ali m'magulu awo monga la Msuwadzi, ndipo amene tiyi wawo wagulidwa mwa ndondomeko ya Fairtrade amalandira ndalama yapadera ya chitukuko imene amagwirizana okha chochita nayo. Mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera kuno ndi ku Mulanje, adasamukira ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena pakati pa 2004 ndi 2011 mwa ndondomeko ya Kudzigulira Malo. Koma kumbukiraninso phunziro la nthochi. Matenda a chisaka atalowa, mabanja a ku Molere ndi Thekerani amene ankadalira nthochi zokha adagwa nazo. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adatikumbutsa zomwezo. Musaike moyo wanu wonse pa chinthu chimodzi.

6. NDALAMA ZIKAFIKA PAKHOMO

Tsopano ndiyankhule ndi ife eni ake. Si bwino kuloza chala eni minda pokhapokha. Pali nyumba ziwiri zoyandikana m'komboni, malipiro ofanana, koma ina muli mtendere, ina muli ndewu. Kusiyana kuli pati?

Tsiku la malipiro, katapila amakhala atafika kale pa geti. Mwakongola K10,000, mubweza K15,000 kapena kuposa. Fotinaiti yotsatira mukongolanso kuti mutseke dzenje loyamba. Munthu wotere sakugwirira ntchito banja lake, ngakhale esiteti. Akugwirira wakatapila. Ameneyu ndi thangata watsopano, ndipo tikiti yake timasaina tokha. Onjezanipo mowa ndi juga, zimene masiku ano zalowa mpaka m'foni, mudzaona chifukwa chake thukuta la masabata awiri limauma usiku umodzi.

Mankhwala ake si achilendo. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi, ndalama zili pamphasa, agwirizane: izi za chimanga, izi za sukulu, izi za feteleza, izi zosunga. M'miyezi ya masamba ambiri, pamene makilogalamu opitirira mgwazo akubweretsa kowonjezera, kumbukirani miyezi ya chilimwe. Lowani banki mkhonde kapena SACCO, kumene chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe. Gulani nkhuku, kenaka mbuzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chimwemwe chimene ndalama zimabweretsa si cha tsiku la malipiro ayi. Ndi cha tsiku limene mwana wadwala usiku, inu nkudziwa kuti ya kabaza ilipo.

7. MAWU KWA OYANG'ANIRA

Akapitawo, makalaliki ndi mamanijala amene muli pano, nanunso ndinu antchito, ndipo ambiri mudabadwira m'makomboni momwemu. Tikudziwa kuti mtengo wa tiyi pa msika wa maiko suli m'manja mwanu, ndipo kampani ikagwa tonse tigwa nayo. Koma zambiri zimene tatchula lero sizifuna ndalama. Sikelo yoona siidya phindu la kampani. Kupereka moni sikufuna chilolezo chochokera ku London. Kulemba munthu ntchito popanda kumupempha nkhuku kapena china choipa kuposa apo kuli m'manja mwanu. Udindo ndi chovala chobwereka. Tsiku lina mudzavula, nkubwerera kumudzi kukakhala pakati pa anthu omwewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MAWU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, tisalole kunamizidwa mbali ziwiri. Wina akatiuza kuti tikhutire ndi umphawi chifukwa ndalama sizigula chimwemwe, timuyankhe kuti malipiro okwanira ndi ufulu wathu. Wina akatiuza kuti ndalama ndiye zonse, choncho tigulitse ulemu, thupi, banja kapena voti yathu, timuyankhe kuti munthu sagulidwa pa sikelo. Makolo athu adachotsa thangata wa lamulo. Ntchito yatsalira ife ndi kubwezera mawu aja tanthauzo lake loyamba, kuti kuthangata kukhalenso kuthandizana. 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Werengetsani pamodzi ndalama zimene banja la anthu asanu likufuna pa mwezi m'dera lanu. Kodi zikusiyana bwanji ndi zimene mumalandira?

2. Mwa zinthu zinayi zija, luso, kuona chipatso, ulemu ndi nthawi yopuma, ndi chiti chimene chikusowa kwambiri pa ntchito yanu? Ndani angachikonze?

3. Kodi mayi amene wavutitsidwa pa ntchito angakadandaule kuti m'dera lanu? Nanga limana lanu kapena mpingo wanu ungamuthandize bwanji kuti asaope?

4. Ndi maluso ati amene akusowa m'mudzi mwanu, amene achinyamata angaphunzire?

5. Gwirizanani chinthu chimodzi chimene gulu lanu lichite mwezi uno, ndipo sankhani munthu wodzapereka lipoti pa msonkhano wotsatira.